Pa sitima ya malasha kuchoka ku Fort William kupita ku Mallaig

Lachinayi, ku Fort William

Tafika ku Fort William madzulo ano, ine ndi amalume anga amene abwera kudzacheza kuchokera ku Limbe. Mawa tikwera sitima ya malasha yotchedwa The Jacobite, imene imachoka muno kupita ku Mallaig, doko la asodzi kugombe la kumadzulo kwa Scotland, n'kubwerako tsiku lomwelo. Matikiti ndinaguliratu mu Febuluwale, chifukwa nyengo yotentha ikafika mipando imakhala itatha. Ulendowu ndinakonzera iwowa. Bambo awo, agogo anga, ankathira malasha m'sitima za Nyasaland Railways, ndipo amalume anakulira m'nyumba za kampani m'mphepete mwa njanji. Chibwerereni sitima za dizilo, sanaonenso injini ya malasha ikuyenda.

Ku Glasgow tinakwera sitima wamba pa siteshoni ya Queen Street, ulendo wa maola pafupifupi 4. Tisanakhale n'komwe pansi, amalume anali ataona kale kuti njanji za kuno n'zotakata kuposa zakwathu. N'zoonadi: kwathu mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo ndi mamilimita 1,067, kuno ndi 1,435. Titatuluka mumzinda n'kuyamba kutsata mtsinje wa Clyde, ndinawauza kuti Ilala inapangidwa m'mbali mwa mtsinje womwewu, ku Scotstoun, mu 1949. Iwo anamalizitsa okha nkhaniyo: inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, zidutswazo zinakwera njanji, anakazilumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951.

Titapitirira nyanja ya Loch Lomond, pa Crianlarich, sitima inagawidwa pawiri, mabogi ena kulowera ku Oban, athu kukwera kumpoto. Dziko linayamba kusintha. Rannoch Moor ndi dambo lalikulu la pamwamba pa mapiri, lopanda mudzi, lopanda munda, madzi akuda ali m'timaiwe mpaka kumene maso alekezera. Omanga njanjiyi, imene inatsegulidwa mu 1894, anapeza kuti nthaka yake ndi yofewa moti zimene ankathira zinkangomira. Ndiye anayala nthambi ndi mizu ya mitengo, pamwamba n'kuthira dothi ndi phulusa, njanji n'kuikhazika pamenepo. Mpaka lero sitima zikuyenda pamwamba pa nthambi zomwezo. Pa Corrour, siteshoni yokwera kuposa zonse pa njanji zikuluzikulu za Britain, mamita 408, palibe msewu wa galimoto za anthu wamba wofikapo. Panatsika anthu awiri, zikwama zili kumsana, n'kuyamba kuyenda kulowera kumene kunalibe nyumba ndi imodzi yomwe. Amalume anawaperekeza ndi maso mpaka anazimiririka, kenako anafunsa, “Koma anthu amenewa akagona kuti?”

Fort William ndi tauni yaing'ono m'tsinde mwa Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse mu Britain. Ndi mamita 1,345, osafika ndi theka lomwe la Sapitwa amene ali mamita 3,002, koma poti limayambira m'mphepete mwenimweni mwa nyanja limaoneka lalikulu ndithu. Lero mutu wake unali m'mitambo. Pano nthawi ikuthamangira 10 koloko usiku koma kunja kukadali kowala, ndipo amalume akukana kugona. Akuti injini imene tikwere mawa ili ndi moto kale m'mimba mwake, chifukwa injini yogwira ntchito tsiku ndi tsiku saisiya kuti izizire. Chitsulo chikamatentha ndi kuzizira mwadzidzidzi chimang'aluka.

Lachisanu, titabwerako

Tinafika pa siteshoni cha m'ma 9:30, sitima imanyamuka 10:15. Fungo ndi limene linayamba kutipeza: malasha, mafuta otentha, nthunzi. Amalume anaima, n'kundigwira dzanja. “Mwanawe, ndi fungo la malaya a bambo limeneli.”

Injiniyo inali yakuda bii, nambala 45407, dzina lakuti The Lancashire Fusilier lili pambali. Ndi ya mtundu umene anthu a njanji kuno amautcha Black Five, umene anaukonza William Stanier. Zinapangidwa 842 pakati pa 1934 ndi 1951, ndipo zatsala 18. Iyi inatuluka m'fakitale ya Armstrong Whitworth ku Newcastle mu 1937, amalume asanabadwe. Kumbuyo kwake kuli ngolo yonyamula matani 9 a malasha ndi malita pafupifupi 18,000 a madzi. Pa njanji za boma la Britain sitima za malasha zinasiya ntchito mu Ogasiti 1968, koma pa njanji ino zinabwerera mu 1984 kuti zizinyamula alendo m'nyengo yotentha.

Anthu anaunjikana kutsogolo kwa injini kujambula zithunzi. Amalume analunjika kukhomo la dalaivala. Fayamani, wothira malasha m'ng'anjo ya injini, anali mnyamata, nkhope ili kale ndi mwaye, ndipo atamva kuti bambo a mkulu ameneyu ankagwira ntchito yomweyi ku Africa, anatsegula chitseko cha ng'anjo kuti aone. Kutentha kwake kunatifika ife amene tinali pansi. Mkati munali moyera, osati mofiira. Amalume anapempha kugwira fosholo, anaiyeza kulemera m'manja, n'kuibweza akugwedeza mutu movomereza. Anayankhulana pang'ono chabe, koma mnyamatayo anavula golovesi kuti awapatse moni wa padzanja.

Titakhala pansi m'bogi, amalume anayamba kundiphunzitsa, ndipo zimene ananenazo ndi zimene zinasintha ulendo wonse. “Mphwanga, anthu amatama dalaivala. Koma dalaivala amangogwiritsa ntchito nthunzi imene fayamani wamupangira.” Akuti malasha sathira mulu nthawi imodzi. Amathira pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mafosholo angapo m'makona, angapo m'mbali, kuti moto ukhale wofanana paliponse. Pakatsala bowo, mphepo yozizira imalowera pomwepo, nthunzi n'kutsika. Utsi ukatuluka wakuda kwambiri ndiye kuti malasha akungowonongeka osapsa bwino. Fayamani wodziwa amatulutsa utsi wotuwa. Malasha amatenga nthawi kuti agwire moto, choncho chitunda amachikonzekera chisanaoneke, kutanthauza kuti njira yonse iyenera kukhala m'mutu. Diso lina limakhala pa kagalasi koonetsa madzi. Potsetsereka madzi amathamangira kutsogolo kwa thanki, ndipo akachepa, denga la ng'anjo limakhala pamtunda n'kupsa. “Ndiye usamangoyang'ana pazenera,” anatero. “Uzimvetsera.”

Huta inalira, mabogi anakokana, tinanyamuka. Pa Banavie tinawoloka ngalande ya Caledonian pa mlatho umene umatembenuka kuti maboti adutse. Kudzanja lamanja kunaoneka Neptune's Staircase, magawo 8 otsekeka ndi zitseko amene amakweza maboti mamita pafupifupi 20, ntchito ya katswiri wa zomangamanga Thomas Telford. Ngalandeyo inatsegulidwa mu 1822. Pa Corpach tinacheuka n'kuona Ben Nevis, lero ali poyera, chipale chikadali m'mikwasa ya pamwamba ngakhale ino ndi Juni. Kenako njanji inatsata gombe la Loch Eil, pamalo athyathyathya, injini ikungoyenda mosavutika, nthunzi ikugwera pamadzi.

Nyanjayo itatha, chitunda chinayamba, ndipo ndinamva zimene amalume ankanena. Kulira kwa injini kunasintha. Kunalemera, kunayamba kubwera kumodzikumodzi, ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, wina akamatsitsa munsi wina akukweza. Amalume anatseka maso, chala chikumenya patebulo motsatira. Pakati pa kulirako ankati, “Wathira apo.” Ndikasuzumira, utsi unali utadadi pang'ono, kenako n'kuyeranso.

Mlatho wa Glenfinnan ndi umene anthu ambiri amakwerera sitimayi, makamaka chiuonereni m'mafilimu a Harry Potter. Tikuyandikira, bogi lonse linaimirira. Mlathowu ndi wautali mamita 380, wokwera mamita 30, uli ndi zipata 21 zokhota pamwamba, ndipo wonsewo ndi wopindika, moti ukakhala kudzanja lamanzere m'mabogi akumbuyo umaiona injini ili kutsogolo uko ikukhota. Dalaivala anachepetsa liwiro, analiza huta, n'kutsegulira nthunzi. Kumanzere, pansi, Loch Shiel inatambalala pakati pa mapiri. Kuphiri la kumanja kunali anthu mazana akutibayibitsa. N'kokongoladi, sindingatsutse. Koma zimatha m'mphindi ziwiri, ndipo ndinamva chisoni kuona anthu ena atabwerera ku mafoni awo titangowoloka, ngati ulendo wathera pomwepo, chikhalirecho zazikulu zinali kutsogolo.

Njanji ya ku Mallaig inayamba kumangidwa mu 1897 n'kutsegulidwa pa 1 Epulo 1901. Anaimanga ndi Robert McAlpine, amene anthu anamupatsa dzina loti Concrete Bob. Mwala wa kuno ndi wouma, wovuta kusema kuti umangire, ndiye iye ankauphwanya n'kuusakaniza ndi simenti. Milatho yambiri ya njira ino ndi ya konkire, yopanda zitsulo mkati, ndipo yanyamula sitima zaka zoposa 120.

Pa siteshoni ya Glenfinnan tinaima mphindi ngati 20, anthu n'kutsika kukawongola miyendo. Titanyamukanso tinakweranso pang'ono, kenako tinatsikira ku Loch Eilt, nyanja yabata yokhala ndi tizilumba tomera mitengo ya paini. Apa injini inangoti zii, kumangomveka mawilo. Amalume anati ino ndi nthawi imene fayamani amathira madzi m'thanki, kusesa pansi, n'kumwako tiyi.

Pa Lochailort panali msasa waukulu wa anthu omanga njanji, ambiri ochokera ku Ireland ndi kumapiri konkuno. Ngozi zinali zambiri chifukwa ankaswa miyala ndi zophulitsa, ndipo njira yonseyi ili ndi mapanga 11 obooledwa m'mapiri. McAlpine anasandutsa nyumba ya sukulu ya ku Polnish kukhala chipatala cha mabedi 8, chokhala ndi dokotala ndi anamwino. Ine monga namwino nkhani imeneyi inandigwira mtima. Ndinaganizira anzanga aja, m'kanyumba ka sukulu, kutali ndi tauni, akulandira anthu othyoka miyendo ndi opsa ndi onga. Amalume anati njanji yakwathu yochoka ku Nsanje, imene inafika ku Blantyre mu 1908, inadyanso anthu pokwera mapiri kuchoka kuchigwa cha Shire, ndipo anafunsa kuti mayina awo analembedwa pati.

Patsogolo pang'ono, pakaphiri, pali katchalitchi koyera kali kokhakokha, Our Lady of the Braes. Kanasiya kugwira ntchito mu 1964 chifukwa midzi imene inkapempherapo inatha anthu. Kenako mwadzidzidzi, titatuluka m'phanga, nyanja yamchere inaonekera: Loch nan Uamh, madzi obiriwira, miyala yakuda, tizilumba. Tinawoloka pa mlatho wa zipata 8. Kwa zaka zambiri anthu ankasimba kuti pomanga njanjiyi hatchi ndi ngolo yake zinagwera m'kati mwa chipilala, n'kukwiririka momwemo. Ankati zinachitikira ku Glenfinnan, koma Pulofesa Roland Paxton atafufuza kumeneko mu 1987 sanapeze kanthu. Mu 2001 anaunika chipilala chapakati cha mlatho uno ndi makina, ndipo mafupa a hatchi ndi ngolo anaonekadi. Zili momwemo mpaka lero, ifeyo tinadutsa pamwamba pake.

Tsopano kunabwera Beasdale. Apa njanji imakwera mita imodzi pa mamita 48 alionse, ikukhota, ikulowa m'mapanga, pansi pa mitengo imene imadonthezera madzi pazitsulo. Kwa sitima yolemera chonchi, chimenecho ndi chitunda choopsa. Kunali kutawaza kamvula. Liwiro linatsika mpaka munthu wothamanga akanatha kutitsatira. Kulira kwa injini kunkagunda m'matanthwe n'kubwerera, bogi lonse likunjenjemera. Kamodzi mawilo anaterereka, phokoso linathamanga mosokonekera, dalaivala anatseka nthunzi msanga, n'kuitsegulanso pang'onopang'ono. “Mchenga,” amalume ananong'ona. “Akuthira mchenga panjanji.” Mawilo anagwira. Tinalowa m'phanga, mdima, utsi unalowera pa kazenera kapamwamba, timakala tinagwera patebulo ndi m'tiyi. Palibe amene anadandaula. Titatulukira pamwamba, injini n'kupepukidwa, ndinaona kuti amalume akupukuta m'maso ndi mpango. Anati bambo awo ankafika kunyumba manja akunjenjemera, osatha kugwira kapu, ndipo iwo ali mwana ankaganiza kuti ndi ukalamba. “Lero ndiye ndamva chimene chinkawatopetsa.”

Amene mudzakwere sitimayi, pa Beasdale mudzaike foni m'thumba.

Kuchoka apo tinawoloka mlatho wa Borrodale, umene chipata chake chachikulu, cha mamita pafupifupi 39, chinali chotakata kuposa chipata chilichonse cha konkire padziko lonse pamene unkamangidwa. Uli m'sitima suuona bwino. Arisaig ndi siteshoni ya kumadzulo kwenikweni pa njanji zonse za Britain, ndipo kuchokera pamenepo zilumba za Eigg ndi Rum zinaoneka patali. Pa Morar tinadutsa kamtsinje kafupi kotuluka mu Loch Morar, nyanja ya madzi opanda mchere yakuya kuposa zonse mu Britain, mamita 310. Amalume anafunsa za yathu, ndinawauza kuti kumpoto imafika pafupifupi mamita 700. Mchenga wa pagombe la Morar ndi woyera mbee. Cha m'ma 12:30 tinalowa mu Mallaig, titayenda makilomita 66.

Maso akulemera. Za ku Mallaig ndilemba mawa.

Loweruka m'mawa, zotsala za dzulo

Ukatsika sitima ku Mallaig, chokulandira ndi mbalame za kunyanja ndi fungo la nsomba. Njanji imathera pafupi ndi doko penipeni, ndipo ukaona zimenezo umamvetsa chimene anaimangira. Sanaimangire alendo. Anaimangira nsomba.

Mudziwu unayamba m'zaka za m'ma 1840, pamene mwini malo, Lord Lovat, anagawa munda wa pano n'kulimbikitsa anthu ake kuti asamukire kugombe azikapha nsomba. Nyanja inali ndi nsomba zambiri zotchedwa herring, koma msika unali kutali, nsomba zinkawonongeka zisanafike. Umphawi wa anthu a m'mapiri ndi m'zilumba utafika povuta m'zaka za m'ma 1880, boma linavomera kuthandiza ndi ndalama kuti njanji ifike kunyanja ya kumadzulo. Itafika mu 1901, nsomba zophedwa usiku zinayamba kufika m'misika ya kumwera zikadali zabwino. M'nyumba yosungira mbiri imene ili pafupi ndi siteshoni muli zithunzi za nthawi imeneyo: maboti atadzaza doko, amayi ataima pa mizere akutumbula nsomba zala atazikulunga ndi nsanza chifukwa cha mchere ndi mpeni, nyumba zowambira nsomba utsi uli tolo. M'zaka za m'ma 1960 Mallaig linali doko la herring lotanganidwa kuposa onse mu Europe. Kenako nsombazo zinachepa chifukwa chopha mopitirira, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma linaletsa kuzipha kwa zaka zingapo. Malondawo sanabwererenso mwakale. Lero maboti a pano amadalira kwambiri nkhanu za m'nyanja, ndipo katundu amapita pa malole. Amalume anaima nthawi yaitali pa zithunzizo, n'kunena mawu amodzi okha: “Chambo.”

Tinadya herring yowamba ndi buledi titakhala pakhoma la doko, tikuonerera sitima ya pamadzi yopita ku Armadale pa chilumba cha Skye ikukweza magalimoto. Kaboti kena kanali kupita ku Inverie, ku Knoydart, dera limene kulibe msewu wolilumikiza ndi kwina kulikonse. Mu 1853 anthu mazana a kumeneko anachotsedwa pa malo awo kuti papite nkhosa, ambiri n'kukwezedwa chombo kupita ku Canada. Mu 1948 amuna 7 anayesa kudzitengera minda kumeneko, khoti linawakaniza. Mu 1999 m'pamene anthu okhalako anagula malowo kukhala awo. Dzulo lonse ndinkasirira mapiri opanda anthu aja, koma nditawerenga zimenezi ndinayamba kuona mipanda ya miyala yogumuka m'zigwa, imene popita sindinaiwerengere. Anali makomo a anthu.

Nthawi yokhala ku Mallaig sikwana maola awiri. Amalume sanafune kutalikira, ankafuna kuona injini ikusintha mbali. Kulibe chotembenuzira injini kumeneko, ndiye anaimasula, inadutsa pa njanji yapambali, n'kukalumikizidwa kumapeto ena a mabogi, ngolo ya malasha ili kutsogolo. Ulendo wonse wobwerera imayenda chobwerera m'mbuyo. Akuti kuyenda kotere ndi chilango kwa anthu awiri aja, chifukwa mphepo imawawomba molunjika pamodzi ndi fumbi la malasha, n'chifukwa chake fayamani anayamba wawaza madzi pa mulu wa malasha tisananyamuke.

Tinachoka 2:10 masana. Pobwerera dzuwa linatuluka, nyanja ya ku Arisaig inasanduka yobiriwira mowala, ndipo ambiri m'bogi anagona. Ife tinamvetsera chitunda chochoka ku Loch Eilt. Cha m'ma 4 koloko tinali ku Fort William. Amalume anapitanso kukhomo la injini kukathokoza. Fayamani uja anali wakuda thupi lonse, maso okha ndi mano zikuoneka, ndipo mulu wa malasha unali utatsika kwambiri, wonsewo atautaya m'ng'anjo ndi manja ake.

Loweruka madzulo, m'sitima yobwerera ku Glasgow

Lero tinafuna kuiona sitima ija tili panja. Tinakwera sitima wamba ya m'mawa mpaka ku Glenfinnan, n'kutsata kanjira kochoka pa siteshoni kudutsa m'phiri kupita pamwamba pa mlatho. Pali pokwera ndi matope, ndipo amalume anayenda ndi ndodo, tikupuma pafupipafupi. Kunalibe mphepo, choncho tizilombo touluka timene kuno amati midges tinatipeza. N'tating'ono kuposa udzudzu, timabwera chigulu, timalowa m'tsitsi ndi m'makutu. Malungo tilibe, koma musadzapite opanda mankhwala odzola.

Tinapeza pokhala pamwala, anthu ali kale mbwee. Itatsala pang'ono kukwana 11 koloko, amalume anakweza chala. Ine sindinamve kanthu. Patapita kanthawi m'pamene kugunda kuja kunandifika, kuchokera kuseri kwa phiri, kenako nthunzi yoyera pamwamba pa mitengo, kenako injini. Uli panja m'pamene umaona kuchepa kwa sitima poyerekeza ndi chigwacho, ndi kuonda kwa zipilala zimene zainyamula. Inawoloka pang'onopang'ono, huta ikulira, nthunzi ikutsalira m'mbuyo pamwamba pa mabogi ofiirira. Titatsikira pansi pa mlatho ndinagwira chipilala chimodzi. Pakonkirepo pakuonekabe mizere ya matabwa amene anaumbira, thabwa lililonse ndi malire ake.

Kugombe la Loch Shiel kuli nsanja ya mamita 18 imene inamangidwa mu 1815. Pamalo ano, pa 19 Ogasiti 1745, Charles Edward Stuart anaimika mbendera n'kusonkhanitsa mafuko a m'mapiri kuti akalande ufumu wa Britain umene agogo ake anachotsedwapo. Otsatira banja limenelo ndi amene ankatchedwa ma Jacobite, ndipo sitima ija inatengera dzina kwa iwo. Anafika mpaka ku Derby ku England, anabwerera, n'kugonjetsedwa ku Culloden pa 16 Epulo 1746. Iye anathawira ku France mu Seputembala chaka chomwecho, kukwerera chombo pa Loch nan Uamh pomwe tinadutsa dzulo, pamenenso anafikira pobwera. Anthu wamba amene anamutsatira ndi amene anatsala ndi chilango.

Masana tinakhala m'kanyumba kosungira mbiri ya njanji pa siteshoni ya Glenfinnan, n'kumwa tiyi m'bogi lakale limene analisandutsa modyera. Tinacheza ndi bambo wina wachikulire wokonda za njanji, amene anati chimene chikuwadetsa nkhawa tsopano ndi malasha. Mgodi wakuya womaliza mu Scotland, Longannet, unatsekedwa mu 2002, ndipo womaliza mu Britain yense, Kellingley, mu Disembala 2015. Sitima zakale zikudalira malasha ochokera kunja, okwera mtengo, ena osayaka bwino. Kukauma kwambiri amaikanso injini ya dizilo poopa kuti nthethe za moto zingayatse tchire. Amalume anamufunsa ngati achinyamata akuphunzira ntchitoyi, iye anati alipo, amayamba ndi kupukuta injini zaka zingapo asanapatsidwe fosholo. Amalume anati ndi mmenenso bambo awo anayambira ku Limbe.

Zimenezi zinatifikitsa pa nkhani ya injini zakwathu. Pabwalo la nyumba yosungira zakale ku Chichiri pali injini za malasha zimene ana a sukulu amajambulitsapo, ndipo pa siteshoni ya Limbe pali ina yaing'ono yotchedwa Thistle, imodzi mwa zoyambirira za Shire Highlands Railway. Ndazionapo kambirimbiri, koma palibe anandiuzapo kuti munthu ankaima pati, ankayang'ana chiyani, ankatopa motani. Amene ankazidziwa akutha. Zimandipweteka kuti ndachita kudzamvera kuno, kutali chonchi, ntchito imene agogo anga enieni anagwira moyo wawo wonse. Amalume akuti akabwerera atenga zidzukulu zawo zonse kupita nazo ku Chichiri, akaime nazo pakhomo la ng'anjo, akazionetse mmene fosholo imagwiridwira. Andiuza kuti ndiwatumizire kanema wa pa Beasdale, ndipo ndawauza kuti kanema palibe, koma mawu ake ndinajambula pa foni ili m'thumba. Akuti amenewo ndiwo akufunika.

Kwa amene muli kuno ku Britain ndipo mukufuna kupita: sitimayi imayenda kuyambira Epulo mpaka Okutobala, ndipo pakati pa nyengoyo imakhalanso ina ya masana. Popita ku Mallaig nyanja ndi kukhota kwa mlatho zimaoneka bwino kudzanja lamanzere. Valani zovala zimene simudandaula zikada. Matikiti akatha kapena ndalama zikachepa, sitima wamba ya ScotRail imayenda pa njanji yomweyi chaka chonse pa mtengo wotsika, malo ake ndi omwewo, kungoti simudzamva injini.

Tadutsa kale Rannoch, amalume agona chibwano chili pa ndodo. Mawa tikapemphera, kenako tikwera sitima ya pa Glasgow Central kupita ku Blantyre wa kuno, akaone chipinda chimene David Livingstone anabadwiramo mu 1813.